Kuphunzitsa mechanics ndi sikelo, chingwe ndi zigubu za madzi: malangizo kwa aphunzitsi a uinjiniya

Wophunzira wa chaka choyamba kapena chachiwiri ku yunivesite atha kukhoza mayeso a statics bwinobwino, koma mukamuikira thabwa pa masikelo awiri n'kumufunsa kuti sikelo yakumanzere iwerenga zingati, amasowa poyambira. ΣF = 0 ndi ΣM = 0 analoweza, koma sanazionepo zikugwira ntchito pa chinthu choti n'kuchikhudza. Mankhwala ake ndi dongosolo limodzi losasintha: wophunzira ajambule free body diagram (chithunzi choonetsa mphamvu zonse zogwira pa chinthucho), awerengere, alembe nambala yake ndi bolopeni asanakhudze chilichonse, kenako ayese, pomaliza afotokoze chimene chasiyanitsa nambala yake ndi ya sikelo. Mukalola kuti ayambe ndi kuyesa, amangokonza masamu kuti afanane ndi zimene waona, ndipo palibe chimene waphunzira. Zipangizo zambiri za zochita zili m'munsimu zimapezeka pa Mangochi Boma pompano, kumsika, kwa akalipentala ndi m'mashopu a hardware.

Zoyenera kusonkhanitsa

Gulu lililonse likhale la ophunzira anayi. Akapitirira pamenepo, awiri amagwira ntchito ena n'kumangoonerera. Gulu limodzi lifunika masikelo awiri opachika, ngati amene ogula chimanga ndi nyemba amagwiritsa ntchito, ofika makilogalamu 25 kapena 50; masikelo awiri a kukhitchini ofika makilogalamu 5; tepi yoyezera; rula yachitsulo ya masentimita 30; chingwe cha nayiloni cha mamilimita 6, chotalika mamita 6; tizidutswa ta paipi ya PVC; ndi foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kupendekeka komanso sitopuwotchi.

Zolemetsa musagule. Madzi ndiwo zolemetsa zanu: lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti 9.81 N. Ngakhale madzi atafunda kufika madigiri 30, monga amachitira kuno mu Okutobala, lita imalemera pafupifupi 0.996 kg, kusiyana kochepera theka la peresenti. Chofunika ndi kuyeza kaye botolo kapena chigubu chopanda kanthu, kenako kuthira madzi mpaka zonse pamodzi zikwane kulemera kumene mukufuna, n'kulemba nambalayo pachigubupo ndi maka. Konzani mabotolo a 1 kg, 2 kg ndi 3 kg, chigubu cha 5 kg ndi china cha 20 kg.

Phunziro loyamba lenileni likhale loyesa masikelo omwewo. Thirani madzi ndi measuring cylinder ya ku labu, lita ndi lita, muziwerenga sikelo, ophunzira ajambule girafu ya zimene sikelo ikunena poyerekeza ndi kulemera kwenikweni. Masikelo opachika otsika mtengo ambiri amanama pang'ono, makamaka kumayambiriro kwa manambala ake, ndipo gulu likadziwa mmene sikelo yawo imanamira lidzatha kukonza zotsatira zonse za mtsogolo. Apa ndi pomwenso muyenera kukhazikitsa lamulo loti chilichonse chowerengedwa mu makilogalamu chichulukitsidwe ndi 9.81 chisanalowe mu fomula. Kusakaniza kilogalamu ndi newton ndiko kulakwitsa kumene kumabwerezedwa kwambiri.

Thabwa pa masikelo awiri

Ikani masikelo awiri a kukhitchini patebulo lolingana bwino. Pa sikelo iliyonse goneka kachidutswa ka paipi mopingasa, ndipo pakati pa mapaipi awiriwo pakhale mita imodzi ndendende. Gonekani thabwa lopepuka pamwamba pa mapaipiwo, mudine batani lobwezera masikelo pa ziro kuti kulemera kwa thabwa kuchoke m'masamu. Musanaike katundu, gulu lililonse lilembe zimene masikelo awerenge botolo la 2 kg likaikidwa masentimita 30 kuchokera kumanzere. Yankho ndi 1.4 kg kumanzere ndi 0.6 kg kumanja.

Mapaipiwo si okongoletsa. Mukagoneka thabwa pa mbale ya sikelo mwachindunji, thabwalo limakhudza mbale yonse, ndipo likapindika pang'ono mphamvu imasamukira m'mphepete mwa mbale, mtunda wa pakati n'kufupika osadziwika. Zikatero masikelo onse awiri pamodzi amakwanabe 2 kg, koma kagawidwe kake kamasemphana ndi masamu. Ndi bwino gulu limodzi liyese dala popanda mapaipi kuti anzawo aone kusiyanako. Cholakwika china ndi kuyeza mtunda kuchokera m'mbali mwa botolo m'malo mwa pakati pake.

Akazolowera, sunthani thabwa kuti mbali ina ipitirire sikelo yakumanja ndi masentimita 25, mubwezerenso pa ziro, muike botolo la 1 kg kunsongako. Sikelo yakumanja iwerenga 1.25 kg, yakumanzere iwerenga −0.25 kg. Ophunzira ambiri amaganiza kuti reaction (mphamvu ya pochirikizira) yokhala ndi minus ndi kulakwitsa kwa masamu. Apa amaona ndi maso kuti mbaliyo ikufuna kunyamuka, ndipo chikuigwira ndi kulemera kwa thabwa lokha. Thabwa likapepuka kwambiri limatembenuka, choncho wina agwirizire dzanja pafupi.

Chingwe chopachikapo chigubu

Ichi ndiye chochita chimene chimasintha maganizo a ophunzira kwambiri, choncho chipatseni nthawi yokwanira. Pezani mizati iwiri yolimba yotalikirana kupitirira mamita awiri pang'ono. Mangani sikelo yopachika pa mzati uliwonse pa msinkhu wofanana, mulumikize masikelowo ndi chingwe, mupachike chigubu cha 5 kg pakati penipeni. Funsani kalasi kuti sikelo iliyonse iwerenga zingati. Ambiri ayankha 2.5 kg, poti zingwe ndi ziwiri.

Mphamvu ya m'chingwe ndi T = W / (2 sin θ), pamene W ndi kulemera kwa chigubu ndipo θ ndi ngodya ya pakati pa chingwe ndi mzere wopingasa. Chingwe chikalendewera mpaka madigiri 30, sikelo iliyonse imawerenga 5 kg, kale yafanana ndi chigubu chonse. Mukachikoka kufika madigiri 10 imawerenga pafupifupi 14.4 kg, ndipo pa madigiri 5 imafika 28.7 kg. Ngati masikelo anu ndi a 25 kg, musatsike kupyola madigiri 7.

Ngodya musayeze pogoneka foni pachingwe, chifukwa chingwe chimagwedezeka ndipo foni imachilemetsa. Kokani ulusi wowongoka pakati pa malo awiri omangirirapo, muyeze ndi rula mmene mfundo yapakati yatsikira, mugawe ndi theka la mtunda wonse kuti mupeze tan θ. Pa mtunda wa mamita awiri, kutsika kwa masentimita 18 ndi madigiri 10 ndi pang'ono. Nayiloni imatamuka, ndiye yezani kutsikako chigubu chitapachikidwa kale n'kukhazikika, osati chisanapachikidwe. Masikelo opachika anapangidwa kuti aziima chilili. Mukawagoneka chopingasa amakakamira mkati ndipo ziro wake amasuntha. Agogodeni pang'ono ndi chala musanawerenge. Chigubu chikapanda kukhala pakati penipeni masikelo awiriwo amasiyana, ndipo limenelo likhale funso lachiwiri la gululo: awerengere T ya mbali iliyonse pogwiritsa ntchito ngodya ziwiri zosiyana.

Pansi pa chigubu ikani thumba la mchenga, ndipo pasakhale munthu woima moyang'anizana ndi kumene chingwe chingakwapukire chitaduka. Pomaliza afunseni chifukwa chake mawaya a magetsi m'mbali mwa msewu amasiyidwa olendewera, komanso chimene chingachitikire mizati atawakoka mpaka kuwongoka.

Friction: njerwa, thabwa ndi chingwe cha boti

Goneka njerwa pathabwa, nyamulani mbali imodzi pang'onopang'ono, foni itamatidwa pathabwapo kuti izionetsa madigiri. Ngodya imene njerwa yayambira kutsetsereka imapereka μ = tan θ, pamene μ ndi nambala yosonyeza kukula kwa friction. Bwerezani kasanu n'kutenga avareji, chifukwa manambala amabalalika: fumbi la njerwa limene latsala pathabwa limasintha zotsatira, ndipo dzanja lonjenjemera limayambitsa kutsetsereka msanga. Pukutani thabwa nthawi iliyonse. Kenako mangani njerwa ziwiri pamodzi, ina pamwamba pa inzake. Ngodya imakhala pafupifupi yomweyo, monga anaonera Amontons mu 1699. Mukaimika njerwa chilili, nkhani imasintha: imagwa isanatsetsereke ngati b/h, ndiye kuti kukula kwa tsinde kugawa ndi kutalika, ndi yochepa kuposa μ. Njerwa zootcha za kuno sizifanana kukula, choncho gulu lililonse liyeze yawo n'kuneneratu ngati igwe kapena itsetsereke.

Mbali yachiwiri aliyense wokulira kunyanja anaionapo. Msodzi akakulunga chingwe cha boti kawiri kapena katatu pamtengo, amaligwira ndi dzanja limodzi ngakhale mafunde akulikoka. Mangani paipi yachitsulo mopingasa pamwamba, mupachike chigubu cha 20 kg kumbali imodzi ya chingwe, mbali inayo ikhale ndi sikelo m'manja mwa wophunzira. Achepetse mphamvu pang'onopang'ono mpaka chigubu chiyambe kutsika, mnzake awerenge sikelo pa mphindi yomweyo. Fomula yake ndi T₂ = T₁ e^(μθ), pamene T₂ ndi mphamvu ya mbali ya chigubu, T₁ ya mbali ya sikelo, ndipo θ ndi ngodya imene chingwe chakulunga paipi, mu ma radian. Titatenga μ wa 0.3 ngati chitsanzo, chingwe chongodutsa pamwamba pa paipi, θ = π, chimafuna pafupifupi 7.8 kg kuti chigubu chisatsike. Mukawonjezera kukulunga kamodzi, θ = 3π, pamangofunika 1.2 kg. Kuti mupeze mfundo zambiri za pa girafu, wogwira sikelo akokerenso chopingasa, pamene θ imakhala π/2 kapena 5π/2. Girafu ya ln(T₂/T₁) ndi θ iyenera kutuluka mzere wowongoka, ndipo kupendekeka kwake ndiye μ.

Zinthu zitatu zimasokoneza apa. Choyamba, ophunzira amaika madigiri mu fomula m'malo mwa ma radian, yankho n'kutuluka nambala yosatheka. Chachiwiri, chingwe chikakwerana chokha pokulunga chimadzimanga, ndipo fomulayo sigwiranso ntchito. Mizere ikhale yoyandikana koma yosakwerana. Chachitatu, paipi ikamazungulira ndiye kuti mwapanga pulley, ndiye imangidwe zolimba.

Denga la ngodya zitatu

Dulani timatabwa tiwiri ta masentimita 65, muboole mabowo awiri pa kalikonse otalikirana 58.3 cm. Lumikizani nsonga zake ndi bawuti imodzi yosamangitsa, kuti tizitha kutembenuka momasuka. Miyendo iwiri yam'munsi ilumikizidwe ndi chingwe chokhala ndi sikelo pakati, kutalika kwake mita imodzi, zomwe zimapereka msinkhu wa masentimita 30. Mwendo umodzi uponde pakathabwa kokhala pa mapaipi awiri ogubuduzika. Imikani zonsezi pa matebulo awiri osiyana mpata pakati, ophunzira awiri atchinjirize m'mbali ndi zikhatho kuti zisagwere cham'mbali, kenako pachikani botolo la 2 kg pansonga ndi chingwe chodutsa pampatapo.

Method of joints, njira yowerengera mphamvu pa cholumikizira chilichonse, imapereka compression (kupanikizidwa) ya 1.94 kg pa kathabwa kalikonse ndi tension (kukokedwa) ya 1.67 kg m'chingwe cham'munsi. Pa mphamvu yaing'ono chonchi sikelo ya 50 kg siona bwino, ndiye pezani kasikelo kopachika ka digito, kapena onjezani katundu kufika 5 kg, pamene chingwe chiyenera kuwerenga 4.2 kg. Werengani sikelo musanapachike botolo, muchotsere nambalayo pa yomaliza. Mukachotsa mapaipi ogubuduzika aja, sikelo imawerenga zochepa, chifukwa tebulo latenga gawo la mphamvu yokankhira kunja. Mphamvu imeneyo ndi yomwe imang'amba makoma a nyumba imene mtanda wam'munsi wa denga sunalumikizidwe bwino. Kenako chotsani botolo, mukokere nsonga m'mwamba miyendo itagwiridwa: chingwe chimakhwefuka. Mphepo yamkuntho ikanyamula malata mphamvu zonse za m'denga zimatembenuka chomwecho, ndipo mbali imene inali kukokedwa imayamba kupanikizidwa.

Kupindika kwa mtanda

Uzani kalipentala akupalireni timatabwa ta paini topanda mfundo, 30 mm m'lifupi, 15 mm kuchindikala, mamita 1.4 m'litali. Ophunzira ayezenso okha ndi vernier malo atatu, chifukwa kuchindikala (h) kumalowa mu I = bh³/12 kutadzichulukitsa kokha katatu, b ali m'lifupi: kathabwa kakachepa ndi milimita imodzi yokha, kukhala 14 mm, I amatsika ndi pafupifupi 19 peresenti. Gonekani kathabwa pa mapaipi awiri otalikirana mamita 1.2, muimike rula pakati kumbuyo kwake, mukhome singano pakathabwapo kuti iziloza manambala a rula. Pachikani 1 kg, 2 kg, kenako 3 kg pakati, muziwerenga diso lili pa msinkhu wa singano.

Fomula ndi δ = PL³/48EI, pamene δ ndi kupindika, P ndi katundu, L ndi mtunda wa pakati pa mapaipi, ndipo E ndi nambala ya kulimba kwa mtengowo. Titatenga E wa 10 GPa, amene ali m'kati mwa manambala odziwika a mitengo yofewa, katundu wa 3 kg amapinda kathabwa kogonekedwa chafulati ndi pafupifupi 12.6 mm. Mukakaimika cham'mbali, I amakula kanayi ndipo kupindika kumatsika kufika 3.1 mm. Mukafupikitsa mtunda kufika masentimita 60 chafulati, kumatsala 1.6 mm, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Musauze ophunzira E. Aupeze okha kuchokera pa girafu ya katundu ndi kupindika, kenako augwiritse ntchito kuneneratu zotsatira za kuimika cham'mbali. Magulu apeza E wosiyanasiyana, ndipo si kulakwitsa: mtengo umasiyana malinga ndi chinyezi, mfundo ndi mmene mizere yake yayendera. Werengani rula pasanathe masekondi khumi mutapachika katundu, chifukwa thabwa, makamaka losauma bwino, limapitiriza kutsika pang'onopang'ono likakhala ndi katundu. Amene anaonapo mitanda ya thandala loyanikapo usipa itapindika pakati pakutha kwa nyengo amamvetsa msanga zimenezi.

Mzati wowonda

Tengani bledi ya sowo yodulira zitsulo, ya mamilimita 300, mtundu wopindika osathyoka. Mtundu wouma gwa umasweka tizidutswa touluka, choncho musaugwiritse ntchito, ndipo aliyense avale magalasi oteteza maso. Matani tepi kumano. Imikani bledi pa sikelo ya kukhitchini, nsonga yam'munsi ili mu kamzere kosema pakathabwa, muidine pamwamba ndi kathabwa kena kosemedwa chimodzimodzi. Nambala ya sikelo imakwera mpaka bledi itapindikira kumbali, kenako imangoima pamenepo ngakhale mupitirize kudina. Fomula ya Euler ya mu 1744, P = π²EI/L², ikatenga E wa 200 GPa, m'lifupi 12 mm ndi kuchindikala 0.65 mm, imapereka pafupifupi 6 N, ndiye kuti 0.6 kg pa sikelo. Wina akagwira bledi pakati ndi zala ziwiri kuti pasasunthire kumbali, imapindika ngati chilembo cha S ndipo katundu amayandikira kanayi. Sikelo ikapereka zochepa kuposa masamu, kawirikawiri bledi inali yopindika kale kapena mwadina chopendekeka. Ikapereka zambiri, nsonga zakanirira mu timizere tija ndipo sizikutembenuka momasuka.

Za dynamics mwachidule

Pendulum ya mita imodzi, yoyezedwa kuchokera pomangirira mpaka pakati pa nati yolemera, imatenga masekondi 2.01 kupita ndi kubwera. Ophunzira awerenge maulendo 20, pafupifupi masekondi 40, ngodya isapitirire madigiri 10, n'kupeza g. Chitirani m'chipinda, makamaka miyezi ya mwera, chifukwa mphepo imasokoneza. Kenako pendeketsani thabwa losalala la mamita awiri pokweza mbali imodzi ndi 17.4 cm, omwe ndi madigiri 5. Gubuduzani chidutswa cha paipi yopyapyala pamodzi ndi chidutswa cha chitsulo chobulungira chopanda bowo. Ambiri amati cholemera ndicho chipambane, koma kulemera sikulowamo: a = g sin θ / (1 + I/mr²), pamene I apa ndi moment of inertia ya chogubuduzikacho, osati I wa mtanda uja. Chopanda bowo chimafika pa masekondi pafupifupi 2.65, paipi pa 3.06. Kusiyana kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi kuchedwa kwa chala pa sitopuwotchi, ndiye jambulani vidiyo ndi foni n'kuwerenga nthawi pa vidiyopo. Zitulutseni pochotsa rula imene yazitchinga, osati pozikankha ndi dzanja.

Nthawi, malo ndi kuchonga

Chochita chimodzi chimakwana m'maola awiri: mphindi 25 za kujambula ndi kuwerengera, mphindi 50 za kuyesa, zotsalazo za kukambirana. Mphunzitsi asayine pepala la manambala oneneratu gulu lisanalandire zipangizo. Zochitira panja, monga za chingwe, zichitike m'mawa pamthunzi, chifukwa dzuwa la Mangochi limadetsa galasi la masikelo a digito ndipo ziro wake amayamba kuyendayenda akatentha.

Pochonga, mamalikisi ambiri apite ku free body diagram ndi ku kufotokoza kwa kusiyana, osati ku kuyandikira kwa manambala. Gulu limene lapeza kusiyana kwa 15 peresenti n'kuonetsa ndi masamu kuti kwachokera ku kuchindikala kwa thabwa lachita bwino kuposa limene manambala ake afanana ndendende popanda kufotokoza kalikonse. Mawu oti "human error" musawalandire. Alembe chimene chinalakwika, mbali imene chinakokera yankho, ndi kukula kwake.

Kumapeto kwa semesita pitani nawo pa mlatho wa Bakili Muluzi, pamtsinje wa Shire, aliyense atanyamula kope. Aime mbali yoyendamo anthu apansi, ajambule mlathowo ngati mtanda wokhala pa mizati yake, aikepo kulemera kwa mlatho womwewo ndi lole imodzi pamalo atatu osiyana, n'kunena mzati umene ukunyamula kwambiri pa malo aliwonse. Awerengerenso mmene konkire wotalika mamita 100 amafutukira kutentha kukakwera ndi madigiri 20: pa 1 × 10⁻⁵ pa digiri iliyonse, ndi mamilimita 20. Akatero afufuze pamsewupo malo amene omanga anasiyira mpata wa kufutukako, ayeze mpatawo ndi rula magalimoto atadutsa, mnzawo mmodzi akuyang'anira msewu, alembe ndi nthawi imene ayezera.